Nthenda Yodana ndi Tirigu: Matumbo Akachira, Sikelo Imakwera

M'nyengo yozizira ya chaka cha 1944 kulowa 1945, pamene Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inali kupita kumapeto, kumadzulo kwa dziko la Holland kudagwa njala yoopsa. Asilikali a Germany adatseka njira zodzera chakudya, madzi a m'ngalande zimene mabwato ankayendamo adaundana ndi chisanu, ndipo m'mizinda ya Amsterdam, Rotterdam ndi The Hague anthu adafika podya mizu yonga anyezi ya maluwa a tulip. Chakudya chimene ankagawira anthu chidatsika kufikira pakati pa makalori 400 ndi 800 patsiku, pamene munthu wamkulu amasowa pafupifupi 2,000 kapena kuposerapo. Anthu pafupifupi 20,000 adafa. Koma m'chipatala cha ana cha Juliana ku The Hague mudachitika chinthu chosayembekezeka. Kagulu kena ka ana amene kwa zaka ankavutika ndi kutsekula m'mimba, ana otupa mimba, a miyendo ngati bango, kadayamba kupeza bwino pa nthawi imene anthu ena onse ankafooka. Buledi atasowa, ana aja adatsitsimuka. Ufa wa tirigu utayambanso kufika m'dzikomo, nthenda idawabwerera.

Dotolo wamkulu wa chipatalacho, a Willem-Karel Dicke, sadadabwe kwenikweni. Iwo adali atayamba kale kukayikira tirigu m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1941 adalembapo za kadyedwe kopanda tirigu, ngakhale kuti ambiri sadalabadire. Njala idangowapatsa umboni umene dotolo aliyense wa mtima wabwino sakadaufuna mwa dala. Nkhondo itatha adagwirizana ndi anzawo awiri a ku Utrecht, a Weijers ndi a Van de Kamer, nayamba kudyetsa ana zakudya zoyezedwa bwino uku akuyeza mafuta otuluka m'chimbudzi chawo. Mwana akadya tirigu, mafuta ambiri ankangodutsa m'thupi osagwira ntchito. Akamuleka, mafutawo ankachepa. Mu 1950 a Dicke adapereka zotsatira za kafukufuku wawo ku yunivesite ya Utrecht, ndipo posakhalitsa zidadziwika kuti sitachi wa m'tirigu alibe mlandu. Wolakwa adali mtundu wina wa zomanga thupi wotchedwa gluten.

Nthendayi dzina lake ndi coeliac, ndipo ndi yakale m'mabuku a zachipatala. Dzinali lidachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mimba, amene sing'anga wina, Aretaeus wa ku Cappadocia, adawagwiritsa ntchito zaka zoposa 1,800 zapitazo. Mu 1888 dotolo wa ku London, a Samuel Gee, adalongosola bwino lomwe maonekedwe a mwana wodwala nthendayi, nanena kuti ngati kuchira kulipo, kudzachokera ku zakudya. Adalasa, koma adaphonya pang'ono, pakuti pa zakudya zimene ankaloleza padalinso buledi wootcha wodula mopyapyala. Mu 1924 a Sidney Haas a ku New York adatchuka ndi njira yodyetsa ana nthochi zambirimbiri tsiku lililonse, uku akuwaletsa buledi, mabisiketi ndi mbatatesi. Ana adachiradi, ndipo ulemu wonse udapita kwa nthochi, chonsecho chimene chidawachiritsa chidali kuchotsedwa kwa buledi m'mbale mwawo. Kusokonezaku kudapweteketsa ambiri, pakuti atakula ankauzidwa kuti nthenda idatha, nabwerera ku buledi, matumbo awo n'kumaonongeka mwakachetechete.

Gluten amapezeka m'mbewu zitatu: tirigu, barele ndi rye. Mphunzitsi wofuna kuonetsa ana a sukulu chinthuchi sasowa zipangizo zapatali. Akande ufa wa tirigu ndi madzi pang'ono, kenaka atsuke mtandawo m'beseni, akufinya ndi kusintha madzi mpaka atasiya kuyera. M'manja mudzatsala kanthu kotuwa, konanda, kotanuka ngati mphira. Ameneyo ndiye gluten. Ndiye amene amagwira mpweya wa yisiti kuti buledi afufume ndi kuti mandasi akhale ofewa m'kati. Akayesa zomwezo ndi ufa wa chimanga, zonse zidzabalalika m'madzi osatsala chogwirika, ndipo n'chifukwa chake chikondamoyo chimanyenyeka pamene buledi amatanuka.

Kwa anthu ambiri gluten ndi chakudya chabe. M'thupi la munthu wa coeliac amautsa nkhondo ya pachiweniweni. M'kati mwa matumbo aang'ono muli tinthu tambirimbiri tonga tizala, timene madotolo amatitcha villi. Kalikonse kamatalika pafupifupi milimita imodzi kapena kuchepera apo, koma kaamba ka kuchuluka kwake, khoma la matumbowo litati litambasulidwe bwinobwino lingakute malo okwana masikweya mita 30, ngati chipinda cha mamita 5 m'lifupi ndi 6 m'litali. Apa ndi pamene chakudya chogayika chimalowera m'magazi. Tsono chitetezo cha m'thupi la wodwala chimaona tizidutswa ta gluten ngati mdani, ndipo pomenyana nato chimaononga khoma la matumbo ake omwe. Tizala tija timafota mpaka khomalo limasalala ngati bwalo losesa, monga adaonetsera a John Paulley a ku England mu 1954. Chakudya chimangodutsa. Munthu amadya n'kukhuta, koma thupi lake lili ndi njala.

Zizindikiro zake zimasiyana. Mwana wamng'ono amatsekula m'mimba kosalekeza, chimbudzi chake chimakhala chotuwa, chamafuta ndi chonunkha kwambiri, mimba imatupa, matako amaphwa, ndipo amapinimbira. Mwa akuluakulu nthendayi imakonda kubisala. Wina amangokhala wochepa magazi chaka ndi chaka ngakhale amwe mapiritsi a ayironi. Wina amatopa kosadziwika chifukwa. Wina mafupa amafooka msanga poti kashiamu sakulowa m'thupi. Wina amatuluka tizilonda toyabwa kwambiri m'zigongono ndi m'mawondo. Mayi wina amangopita padera. Ambiri satsekula m'mimba n'komwe.

Pa dziko lonse lapansi, munthu pafupifupi mmodzi mwa 100 alionse ali ndi nthendayi, ndipo ochuluka a iwo sadziwa. Ndi ya kumtundu: mwa abale 10 apafupi a odwala, kunena makolo, ana ndi abale a bere limodzi, pafupifupi mmodzi amapezekanso nayo. Imakondanso anthu odwala shuga woyamba paubwana. Kwa nthawi yaitali anthu ankaiyesa nthenda ya Azungu okha. Maganizo amenewa adagwa mu 1999, pamene a Carlo Catassi a ku Italy ndi anzawo adafalitsa zimene adapeza atayeza ana pafupifupi 1,000 a mtundu wa Sahrawi, okhala m'misasa ya othawa kwawo kufupi ndi Tindouf, m'chipululu cha Algeria. Ana oposa 5 mwa 100 alionse adali ndi chizindikiro cha nthendayi m'magazi mwawo, chiwerengero choposa cha dziko lililonse la ku Ulaya. Anthu amenewa, amene makolo awo ankadalira kwambiri mkaka ndi nyama ya ngamila, m'misasamo ankakhalira ufa wa tirigu wa chithandizo.

M'maiko odya nsima monga Malawi ndi Zambia, chimanga chakhala chikutchinjiriza anthu osadziwa. Munthu wa kumudzi amene amalawa buledi pa Khirisimasi pokha angakhale ndi chibadwa cha nthendayi moyo wake wonse osavutika nayo. Koma kadyedwe ka m'tauni kasintha. Tiyi wa m'mawa amapita ndi buledi kapena sikono, pa buleki ana amagula mandasi, madzulo ena pamakhala sipageti. Ndipo mwana akamaonda, mimba itatupa, akutsekula, aliyense amayamba waganiza za njoka za m'mimba, kunyentchera, TB kapena HIV. Kutero n'koyenera, poti zimenezi ndizo zofala. Chofunika n'chakuti zonsezi zikayezedwa osapezeka, mwana n'kumaondabe, wina akumbukire kufunsa za tirigu.

Kuyeza kumayamba ndi magazi, m'mene amafufuza asilikali a m'thupi olimbana ndi chinthu chotchedwa tTG, chimene akatswiri a ku Berlin adachizindikira mu 1997. Kenaka dotolo amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera pakamwa, natapa kachidutswa ka khoma la matumbo kuti akakaone pa makina okuza zinthu. Pali msampha umodzi umene umakola ambiri. Munthu akasiya yekha tirigu asanayezedwe, magazi ndi matumbo zimayamba kuoneka bwino, ndipo nthenda siipezeka. Woganiziridwa ayenera kupitiriza kudya monga mwa masiku onse kufikira atayezedwa.

Akapezeka nayo, mankhwala ndi omwe aja a Dicke: kusiya gluten kotheratu, moyo wonse. Palibe piritsi kapena jekeseni wovomerezeka wolowa m'malo mwa zimenezi, ndipo mawu akuti "ingolawaniko pang'ono" alibe malo. Mu 2007 kafukufuku wa ku Italy adaonetsa kuti mamiligalamu 50 a gluten patsiku, kwa masiku 90, ndi okwanira kuyambanso kuononga matumbo. Gluten wochuluka chotero amapezeka m'kachidutswa ka buledi konga chikhadabo. N'chifukwa chake malamulo a m'maiko ambiri, potsata muyezo umene bungwe la Codex Alimentarius lidakhazikitsa mu 2008, amati chakudya cholembedwa kuti chilibe gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu.

Apa ndi pamene nkhani ya sikelo imayambira, ndipo ndiyo mbali imene odwala ambiri sauzidwa mokwanira. Chithunzi cha m'mabuku akale ndi cha munthu wotsala mafupa okhaokha. Koma mu 2006 madotolo a ku Northern Ireland adafalitsa zimene adaona mwa odwala 371. Pa tsiku lopezeka ndi nthenda, 5 okha mwa 100 alionse ndiwo adali oonda mopitirira, pamene 39 adali kale onenepa kuposa muyezo. Patatha zaka 2 akutsata kadyedwe kopanda gluten, 81 mwa 100 alionse a amene adayezedwanso adali atawonjezera thupi, ndipo onenepa kale aja nawonso ambiri adawonjezera. Ku Naples, m'dziko la Italy, kafukufuku wa 2015 adatsata odwala 98. Poyamba 2 okha ndiwo adali ndi mavuto oyendera limodzi a mimba yaikulu, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mafuta a m'magazi. Patatha chaka chimodzi adali 29.

Gwero la zimenezi, poyamba, ndi losangalatsa: matumbo achira. Munthu amene kwa zaka zambiri ankadya mitanda itatu ya nsima, thupi n'kumalandirapo iwiri yokha, tsopano thupi lija likulandira yonse itatu. Dzanja lidazolowera muyezo wakale, ndipo wopakula sadziwa kuti m'mimba mwasintha. Nseru ndi kupotokola zikatha, chilakolako cha chakudya chimabwerera ndi mphamvu. Kwa amene adali woonda, makilogalamu oyambawa ndiwo kuchira kumene, ndipo sayenera kuwaopa: magazi akubwerera, minofu ikumangika, mwana wopinimbira akuthamangira anzake msinkhu. Chovuta ndi kudziwa poimira. Chakudza sichiimba ng'oma. Theka la kilogalamu pamwezi silioneka pagalasi, koma pa zaka 3 ndi makilogalamu 18.

M'sitolo muli msampha wina. Wophika buledi akachotsa gluten amakhala atazula mzati wa nyumba. Kuti buledi asagwe, amasakaniza ufa wosalala wa mpunga ndi sitachi wa chimanga, wa mbatatesi kapena wa chinangwa, nawonjezera mafuta kuti afewe ndi kukoma. Gaga mulibe, zomanga thupi n'zochepa. Chakudya chotere chimagayika msanga, shuga amakwera m'magazi mofulumira, ndipo posachedwa njala yabweranso. Mafuta aja nawonso si amasewera, pakuti galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya sitachi kapena ya zomanga thupi ili ndi 4. Mu 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Hertfordshire ku England adayerekeza zakudya za m'masitolo zoposa 1,700, napeza kuti zopanda gluten kawirikawiri zidali ndi zomanga thupi zochepa, zambiri zidali ndi mafuta, shuga kapena mchere wochuluka, ndipo mtengo wake udali woposa kawiri wa zinzake.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo anthu miyandamiyanda opanda nthendayi adayamba kugula zakudya zomwezi pofuna kuonda. Buku la a William Davis lotchedwa Wheat Belly, la 2011, lidathandiza kufalitsa mbiri yakuti tirigu ndiye gwero la mimba zazikulu. Koma amene thupi limatsikadi akasiya tirigu, limatsika chifukwa asiyira limodzi makeke, mabisiketi ndi mowa. Keke yopanda gluten ndi keke basi. Phokoso limeneli lidathandiza odwala enieni mbali imodzi, poti zakudya zawo zidachuluka m'masitolo, koma lidawapwetekanso, pakuti ophika ena m'malo odyera adayamba kuyesa pempho lawo ngati matama chabe.

Palinso za mumtima, zimene makina sangaziyeze. Munthu wolandidwa buledi, mandasi ndi keke ya paukwati amamva kuti wamanidwa, ndipo akapeza chololedwa amadya mobwezera. Achibale nawonso, amene adamuona akutha ngati sopo, amamuunjikira chakudya mwachikondi. Kuno mawu akuti "mwanenepatu" ndi moni wa chiyamiko, makamaka kwa amene adadwala, ndipo zaka za mliri wa Edzi zidachititsa kuti kuonda kukhale chinthu chonong'onezana. N'kovuta kukana mtanda wachitatu pamene apongozi akuupereka ndi nkhope yowala. Wachinyamata wa ku sukulu yogonera ali ndi mayesero ake: nsima ndi nyemba za tsiku ndi tsiku sizimuvuta, koma tsiku la buledi amatsala akungoyang'ana, ndipo ndalama yake ya m'thumba imathera pa maswiti ndi zoziziritsa kukhosi. Mphunzitsi wodziwa nkhaniyi angathe kumupezera mbatata yophika m'malo momudzudzula kuti ndi wosankha zakudya.

Pali njira imodzi yochepetsera thupi imene wodwala sayenera kuiganizira n'komwe, ndiyo kubwerera ku tirigu kuti chakudya chizingodutsa ngati kale. Madotolo adakumanapo ndi odwala ochita zimenezi mwa dala, ndipo kafukufuku wa ku Sweden wa 2017 adapeza kuti akazi a coeliac amagwidwa ndi nthenda yodzimana chakudya ya anorexia kawirikawiri kuposa anzawo. Kuonda kotero ndi kwa matumbo ovulala, ndipo kumadza ndi kuchepa magazi, mafupa osalimba, kuvuta kubereka, ndiponso, mwa apo ndi apo, khansa ya m'matumbo.

Komatu kunenepa si chilango chosapeweka. Ku New York, pa yunivesite ya Columbia, kafukufuku wa 2010 wa odwala 369 adapeza zosiyana ndi za ku Northern Ireland. Mwa oonda, 66 pa 100 alionse adawonjezera thupi, ndipo mwa onenepa, pafupifupi theka adatsika. Olemba ake adaganiza kuti uphungu wa katswiri wa zakudya ndiwo udathandiza kwambiri. Pamenepa pali phunziro kwa azachipatala. Kupatsa wodwala pepala la zakudya zoletsedwa n'kumuuza kuti azipita ndi kugwira ntchito mwatheka. Iye amasowanso kuuzidwa chodya m'malo mwake ndi kuchuluka kwake.

Munthu wamkulu angathe kudziyeza yekha. Atenge kulemera kwake m'makilogalamu, agawe ndi msinkhu wake m'mamita, kenaka yankholo aligawenso ndi msinkhu womwewo. Chotsatira cha pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndicho choyenera. Motero wa msinkhu wa mamita 1.6 ayenera kukhala pakati pa makilogalamu 47 ndi 64. Wopanda sikelo atenge chingwe, achiyeze ndi msinkhu wake, achipinde pakati. Ngati chingwe chopindacho sichikukwana kuzungulira mimba cha pa mchombo, mafuta a pamimba achuluka. Ana ali ndi muyezo wawowawo, wa pa khadi la kusikelo, ndipo mwana sayenera kuchepetsedwa chakudya popanda mawu a dotolo.

Pa nkhani ya chodya, wodwala wa ku Lilongwe kapena ku Chipata ali pabwino kuposa mnzake wa ku Rome kapena ku Cairo, amene chakudya chake chenicheni ndi cha tirigu. Boma la Italy limachita kupatsa odwala chithandizo cha mwezi ndi mwezi chogulira zakudya zapadera, ndipo mu 2023 lidakhazikitsa lamulo loyeza ana nthendayi m'dziko lonse. Kuno za m'nkhokwe ndi za kudimba n'zololedwa pafupifupi zonse: chimanga, mapira, mawere, mpunga, chinangwa, mbatata, kachewere, zilazi, nthochi, maungu, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mtedza, soya, mazira, nyama, usipa, matemba, ndi ndiwo zonse zamasamba. Kondowole wa ku Nkhata Bay alibe gluten, futali alibe, thobwa la chimera cha mawere kapena mapira lilibe, zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa chimanga zilibe, pokhapokha wophika atathirako ufa wa tirigu kuti zigwirane, monga ena amachitira. Wodwala wozindikira zimenezi alibe chifukwa chothamangira mapaketi odula a m'masitolo akuluakulu.

Komabe nsima nayonso imanenepetsa, ndipo si nsima zonse zofanana. Ufa woyera, umene chimanga chake chimakonoledwa ndi kuviikidwa m'madzi, umataya gaga ndi kamtima ka njere, m'mene muli mafuta abwino ndi mavitamini. Mgaiwa, umene ena amaunyoza kuti ndi wa kundende kapena wa ku sukulu zogonera, ndiwo umasunga zonsezi. Umakhalitsa m'mimba, ndipo umachepetsa kudzimbidwa kumene odwala ambiri amakumana nako akasiya tirigu. Munthu amene mafupa ake adamanidwa kashiamu kwa zaka adzampeza m'phala la mawere ndi mu usipa wodya ndi minga yomwe. Wochepa magazi adzapeza ayironi m'chiwindi, m'nyemba ndi mu bonongwe.

Mbale yothandiza ndi imene theka lake ndi masamba, gawo limodzi mwa anayi nsima kapena mbatata, ndipo lotsalalo nyemba, nsomba kapena dzira. Izi n'zosemphana ndi mwambo wa phiri la nsima ndi tindiwo tongonyowetsera mbamu, koma mwambowo udali wa anthu otsikira kumunda m'bandakucha, osati wa munthu wokhala pa desiki tsiku lonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, shuga wothira wosapitirira masupuni aang'ono 12, ndi mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yotulutsa thukuta. Botolo limodzi la mamililita 300 la chakumwa cha mtundu wa kola lili ndi masupuni pafupifupi 8 a shuga, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Mlimi, wotunga madzi ndi mphunzitsi wopalasa njinga mphindi zija amazikwanitsa osadziwa. Wa mu ofesi ayenera kuchita kuzifunafuna. Kwa wa coeliac kuyenda kuli ndi phindu lina, pakuti mafupa amalimba akamasenza thupi.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yolonda gluten wobwera mozemba. Ufa wa tirigu umalowa m'zinthu zimene munthu sangaziganizire: masoseji ambiri, supu wa m'mapaketi, timibulu tina tokometsera ndiwo, nsomba kapena nkhuku yokutira ufa pokazinga. Mowa wambiri wa m'mabotolo ndi zakumwa za malt zimachokera ku barele. Mahewu ena, makamaka a kaphikidwe ka ku South Africa, amathiridwa ufa wa tirigu kuti asase. Oats paokha odwala ambiri sawavuta, koma kawirikawiri amasakanikirana ndi tirigu kumunda ndi kuchigayo. Tchipisi cha pachiwaya n'cha mbatatesi, koma ngati m'mafuta omwewo mwakazingidwa mandasi kapena samusa, sichilinso chabwino. M'nyumba, mpeni wodula buledi umene walowa m'botolo la chiponde, kapena sefa imodzi yosefera maufa onse, ndi zokwanira kubweza nthenda. Kuwerenga zolemba za pa paketi kumasanduka chizolowezi, ndipo kufunsa kwa mwini nyumba kuti "Pepani mayi, kodi mwathiramo ufa wanji?" kumafuna kulimba mtima kumene si onse amakhala nako. Ngakhale kutchalitchi nkhaniyi imafika. Mu 2017 likulu la Mpingo wa Katolika ku Vatican lidakumbutsa kuti mkate wa Ukaristia uyenera kukhala wa tirigu, koma wa gluten wochepa kwambiri ndi wololedwa, ndipo wodwala angathenso kulandira chikho chokha.

Pali ena amene sikelo siisuntha ngakhale patapita miyezi, ndipo kutsekula sikuleka. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi gluten amene akulowabe penapake, ndipo chothandiza ndi kulemba m'kope chilichonse cholowa m'kamwa kwa masabata 2 ndi kupita nalo kwa dotolo. Ena mkaka umawavuta m'miyezi yoyamba, popeza mphamvu yogaya shuga wa mumkaka imakhala pa nsonga za tizala tidafota tija. Tikaphukanso, ambiri amayambanso kumwa, ndipo chambiko chimalandirika msanga kuposa mkaka wamba. Woonda awonjezere thupi ndi phala lothira nsinjiro, mapeyala, mazira ndi nsomba, akudya pang'onopang'ono kasanu patsiku, m'malo modzaza tiyi ndi shuga. Matumbo a mwana amachira msanga, kawirikawiri m'chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene a munthu wamkulu angatenge zaka 2 kapena kuposerapo. Magazi amayezedwanso pakatha miyezi 6 ndi 12, kenaka chaka ndi chaka, ndipo pa ulendo woyamba womwewo dotolo amapempha kuti makolo, ana ndi abale a wodwala abwere nawonso adzayezedwe, akudyabe buledi wawo.